Utsi Unapita, Mantha Anatsala

Pali nthenda ina imene ikusautsa mabanja muno m'Kabwe, koma simudzaimva ikutchulidwa pamene tikupempherera odwala m'miphakati mwathu. Imagwira makamaka achinyamata, anthu amphamvu zao amene sanagonepo m'chipatala chibadwire. Mnyamata amadzidzimuka pakati pa usiku atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda ngati ng'oma ya pa gule. Mpweya ukumuchepera, zala zachita dzanzi, ndipo mau amene amatuluka ndi aŵa okha: "Amama, ndikufa ine." Banja limasaka galimoto usiku womwewo, kulipira ndalama imene inali ya ufa, koma pofika ku kiliniki zonse zazizira. Anesi amapima, napeza kuti thupi silikutentha, magazi akuyenda bwino, ndipo wodwala uja amabwerera kunyumba ali ndi manyazi. Pakapita masiku atatu kapena anai, zija zayambanso.

Makolo amafunsa mafunso onse amene kholo lingafunse, kupatula limodzi, ndipo mwana amayankha onse, kubisa chimodzi. Miyezi iŵiri kapena itatu m'mbuyomo, ali ndi anzake kuseri kwa sitolo kapena m'nyumba yosatha kumanga, anakoka chamba chaukali kuposa chimene anazoloŵera, mwina anasakaniza ndi moŵa ndi mapilisi amene sanaŵadziŵe ndi dzina lomwe. Tsiku limenelo ndi pamene mtima unathamanga koyamba, iye nkuona ngati mzimu ukuchoka. Ambiri a iwo anasiyira pomwepo, osakhudzanso. Tsono chimene chimaŵadya m'kati ndi ichi: ngati ndinasiya kale, nanga bwanji mtima sukukhazikika? Kodi ndinauononga mpaka kalekale? Kodi kumeneku si kuyamba kwa misala?

Ife amene ntchito yathu ndi kuyendera mabanja ndi kuphunzitsa achinyamata takhala tikulandira mafunso ameneŵa monong'ona, kaŵirikaŵiri anthu ena onse atatuluka m'tchalitchi. Taona kuti nkhaniyi iyenera kukambidwa poyera, pakuti yankho lake lilipo, ndipo kwa ambiri ndi lotonthoza kuposa mmene amaganizira.

Zimene ana athu akumeza

Kabwe anamangidwa pa ntchito ziŵiri, mgodi ndi njanji. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kuno mu 1902, sitima inafika mu 1906, ndipo kwa zaka zambiri mwana wa ku Chowa kapena ku Kasanda ankadziŵa kuti akakula adzaloŵa kumene analoŵa atate ake. Mgodi unatsekedwa mu 1994. Amene anabadwa chaka chimenecho lero ndi makolo, ndipo m'nyumba zambiri malipiro a pamwezi ndi nkhani yongomva kwa agogo. Sitikunena kuti ulova ndiwo umasutitsa munthu chamba, chifukwa ngakhale ana a m'nyumba za mipanda ndi ophunzira a m'makoleji akugwa m'dzenje lomweli. Koma tsiku la munthu wopanda chochita limatalika, ndipo wogulitsa amadziŵa mitengo imene anthu otere amausapo.

Chamba si chachilendo pakati pathu. Ena amachitcha dobo, anzathu olankhula Chibemba amati ibange, ndipo akuluakulu ankangoti fodya wamkulu. Chimene chasintha ndi kusakaniza. Mwana wa lero amasuta, nkumwera botolo la mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, nkuponyerapo mapilisi ogonetsa a diazepam, amene ambiri amaŵadziŵa ndi dzina la Valium. Kukacha amathamangitsa matsire ndi zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu, zodzaza ndi caffeine. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kachasu ndi timabotolo totchipa ta moŵa waukali sizinachoke. Ana ogona m'misewu amanunkhiza guluu ndi petulo. Ndipo popeza msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Copperbelt ndi ku Nakonde umadutsa pakati pa tauni yathu, zimene zimagulitsidwa ku Chibolya sizichedwa kutipeza.

Pali bodza lina loyenera kulidula msanga. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano okhudza chamba, ndipo achinyamata ena anangomva mutu wa nkhani, nkumauzana kuti chamba chaloledwa. Chimene chinaloledwa ndi kulima ndi chilolezo cha boma, pofuna kupanga mankhwala, kufufuza ndi ntchito za m'mafakitale. Kusuta kongosangalala ndi mlandu mpaka lero, ndipo bungwe la Drug Enforcement Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1989, likumangabe anthu pa mlandu umenewu.

Chimene chimachitika m'thupi

Mtima wa munthu wamkulu amene wakhala phee umagunda pakati pa maulendo 60 ndi 100 pa mphindi imodzi. M'chamba muli mankhwala otchedwa THC, ndiwo amaledzeretsa. Utsi ukangoloŵa m'mapapo, mankhwalaŵa amafika m'magazi, ndipo mtima ungathe kuonjeza maulendo 20 mpaka 50 pa mphindi, nkukhala choncho kwa maola aŵiri kapena atatu. Mitsempha ya magazi imatakasuka, nchifukwa chake maso amafiira, ndipo munthu akaimirira mofulumira amachita chizungulire. Zimenezi zimachitikira osuta ambiri, kungoti sazilabadira.

Koma THC yemweyo amakhudzanso kachigawo ka ubongo kamene ntchito yake ndi ya mlonda, kochenjeza munthu pakakhala ngozi. Kwa ena, chamba chochepa chimamugoneka mlondayo. Chikachuluka, kapena chikapeza munthu wotopa, wanjala, wodzaza ndi maganizo, mlonda uja amaimba lipenga popanda mdani. Pa kafukufuku wina wa ku New Zealand amene anafalitsidwa mu 1996, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse amene anasutapo chamba ananena kuti chinamuchititsapo nkhaŵa yaikulu kapena mantha adzidzidzi. Choncho mwana wanu sali yekha, ndipo sanalodzedwe ndi amene anamupatsa ndudu ija.

Lipenga likalira, tiziŵalo tiŵiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi madzi otchedwa adrenaline. Mlengi anatipatsa madzi ameneŵa kuti atipulumutse. Mlenje akakumana ndi njati yovulala, adrenaline ndiye amathamangitsa mtima kuti magazi afike msanga m'miyendo, amafulumizitsa kupuma, amatulutsa thukuta, amaimitsa ntchito ya m'mimba mpaka munthu kumva nseru ndi kuuma kukamwa. Mlenjeyo samadabwa ndi zonsezi, popeza njati akuiona ndi maso. Koma mnyamata amene wagona pamphasa m'chipinda mwake saona njati iliyonse. Amangomva thupi likuchita zachilendo, ndipo nzeru zimamuuza kuti ngozi ili m'kati, mtima ukuima.

Dzanzi la m'zala ndi la m'milomo, limene limaopsa anthu kwambiri chifukwa amaliyesa sitiroko, gwero lake ndi kupuma mothamanga. Munthu akamapuma ŵefuŵefu asakugwira ntchito, amataya mpweya woipa wochuluka kuposa muyeso, ndipo kuchepa kwake m'magazi kumabweretsa dzanzi, chizungulire ndi kuuma kwa zala. Iye amaganiza kuti mpweya ukumuchepera, nayamba kukoka wambiri, osadziŵa kuti akuthira mafuta pamoto. Mantha otere amafika pachimake m'mphindi 10, ndipo kaŵirikaŵiri sapitirira theka la ola, pakuti thupi lokha limasungunula adrenaline uja. Ndicho chifukwa chake pofika ku kiliniki wodwala amakhala atachira.

Kuopa mantha

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Nanga bwanji zimabwerera, chamba atasiya kalekale? Achinyamata amakhulupirira kuti utsi unakakamira m'magazi kapena unaboola mtima. Nzoona kuti THC amabisala m'mafuta a m'thupi, ndipo kwa munthu wosuta tsiku ndi tsiku zotsalira zake zingapezeke mu mkodzo ngakhale patapita mwezi. Koma zotsalira zimenezo zilibe mphamvu yothamangitsa mtima miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Chimene chimatsala ndi phunziro limene ubongo unaphunzira usiku woyamba uja.

Munthu amene analumidwapo ndi njoka amalumpha akaona luzi panjira. Chimodzimodzi amene anaona imfa ndi maso chifukwa cha kugunda kwa mtima, amayamba kuutchera khutu mtima wake usana ndi usiku. Mtima umene wakhala ukugunda chibadwire iye osaumva, tsopano amaumva akagona chammbali, akamaŵerenga, ngakhale pa Misa pamene anthu onse ali chete. Akathamangira minibasi, akanyamula chidebe cha madzi, akamwa tiyi wamphamvu, mtima umafulumira monga uchitira wa munthu aliyense. Koma iye amati, "Zayambanso." Ganizo limenelo lokha limadzutsa mlonda uja, adrenaline amathiridwa, mtima umathamangadi, ndipo iye amati, "Mwaona, ndimanena ine." Mantha amabala zizindikiro, zizindikiro nkubala mantha. Katswiri wina wa za maganizo wa ku Oxford, David Clark, analongosola kuzungulira kumeneku mu 1986, ndipo chithandizo chabwino chimene chilipo lero chinamangidwa pa kumvetsa kumeneko.

Nthendayi siinabwere ndi chamba. Mu 1871 dokotala wina wa ku America, Jacob Da Costa, analemba za asilikali a pa nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya m'dziko limenelo, amene ankadandaula kuthamanga kwa mtima, kubanika ndi kupweteka pachifuwa, koma poŵapima nthenda ya mtima osaipeza. Kwa iwo chinatsekula chitseko ndi nkhondo. Kwa ena ndi maliro, ngozi ya pamsewu kapena kuchotsedwa ntchito. Kwa ana athuŵa ndi ndudu imodzi.

Ambiri amadandaulanso kuti mtima umadumpha, ngati waima pang'ono kenaka nkugunda mwamphamvu. Kugunda kosempha kotereku kumachitikira pafupifupi munthu aliyense nthaŵi zina, makamaka akasoŵa tulo kapena akachulutsa khofi ndi fodya, ndipo mu mtima wabwinobwino sikuvulaza. Wodekha sakuzindikira nkomwe. Wamantha amakuŵerenga kumodzikumodzi.

Chimene chimatimvetsa chisoni koposa ndi mmene dziko la mwana wotere limachepera. Amayamba wasiya mpira, poopa kuthamangitsa mtima. Kenaka amasiya kukwera minibasi, chifukwa zikamugwira m'menemo atulukira pati? Kumsika sapitako. Kutchalitchi amakhala pafupi ndi khomo, pambuyo pake osabweranso. Makolo amati wachita ulesi kapena mwano, pamene iye ali m'ndende imene palibe wina akuiona. Kuthaŵa kulikonse kumamupatsa mpumulo wa tsiku limodzi, koma kumatsimikizira ubongo kuti ngozi inalipodi.

Amene anali wosuta wa tsiku ndi tsiku ali ndi mtolo wina woonjezera. Akasiya, thupi limalira chimene linazoloŵera. Pakapita tsiku limodzi kapena atatu amayamba kusoŵa tulo, kukwiya msanga, kutuluka thukuta usiku, kukana chakudya, kulota zoopsa. Sabata yoyamba ndiyo yoŵaŵa, ndipo zambiri zimatha m'masabata aŵiri, ngakhale tulo timachedwa kubwerera. Ambiri amabwerera ku chamba m'masiku ameneŵa, poganiza kuti kusiya ndiko kukuŵadwalitsa.

Komatu tisapeputse

Tikanalakwira aŵerengi athu tikanati zonse ndi mantha chabe. Mankhwala ozunguza bongo amavulazadi mtima. Madokotala a ku Boston anafalitsa mu 2001 zimene anapeza atafunsa anthu oposa 3,800 amene anadwala nthenda ya kutsekeka kwa mitsempha ya mtima: mu ola loyamba munthu atasuta chamba, chiopsezo cha nthendayi chimakwera pafupifupi kasanu. Cocaine ndi woopsa koposa pamenepo. Kumwa moŵa wambiri nthaŵi imodzi kungasokoneze kagundidwe ka mtima mwa munthu amene analibe vuto lililonse, ndipo madokotala analemba za zimenezi mu 1978 ataona odwala akuchuluka pambuyo pa maholide. Guluu ndi petulo ndiye zoopsa zedi, pakuti mwana amene wangonunkhiza kumene akadzidzimutsidwa kapena kuthamangitsidwa, mtima ungaime nthaŵi yomweyo. Mukampeza mwana akununkhiza, musamkuwire kapena kumpirikitsa. Ndiponso chidakwa cha zaka zambiri, kapena amene wazoloŵera mapilisi a diazepam, asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa angayambe kunjenjemera, kuona zilubwelubwe ndi kukomoka ngati wakhunyu. Otere asiye moyang'aniridwa ndi achipatala.

Tsono musadikire kuti kuche ngati kupweteka kwa pachifuwa kuli ngati mwala wolemera, kukufalikira ku mkono, kukhosi kapena kunsagwada, ndipo sikukuleka. Musadikirenso ngati munthu wakomoka, ngati mtima ukugunda mosalongosoka osabwerera m'malo, ngati amabanika akagona chagada kapena miyendo yatupa, ngati zimamugwira ali pakati pa ntchito yolemetsa, kapena ngati m'banjamo wina anamwalirapo mwadzidzidzi akali wamng'ono. Ndipo aliyense amene zamugwira koyamba ayenera kupimidwa, ngakhale zitaoneka ngati mantha.

Pali matenda ena amene amathamangitsa mtima popanda chamba: kuchepa kwa magazi, malungo, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, kutsika kwa shuga, ndi mtima umene unaonongeka paubwana chifukwa cha zilonda za pakhosi zosachizidwa. Ife a ku Kabwe tili ndi chifukwa china chapadera chopimitsira magazi. Ofufuza a pa University of Zambia pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido University ku Japan anapeza mtovu wochuluka m'magazi a ana a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Mtovu umalepheretsa thupi kupanga magazi okwanira, ndipo kwa akuluakulu umakweza kuthamanga kwa magazi. Mnyamata amene anakulira m'fumbi limenelo, kapena amene amakumba miyala pa chimulu cha zotsalira za mgodi chija timachitcha Black Mountain, auze dokotala zimenezo. Kupima kuchuluka kwa magazi, malungo ndi shuga sikutenga nthaŵi, ndipo pakafunika kujambula kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG, kiliniki ingathe kumtumiza ku chipatala chachikulu monga Kabwe Central Hospital.

Za misala, tisiyanitse bwino. Wamantha adzidzidzi amadziŵa kuti china chake chalakwika mwa iye, amaopa kupenga, ndipo amafuna thandizo. Nthenda ya mantha siisanduka misala. Koma chamba pachokha chingathe kudzutsa misala yeniyeni, makamaka mwa amene anayamba akali aang'ono ndi kusuta kwambiri. Ku Sweden anatsatira anyamata oposa 45,000 amene analembedwa usilikali, ndipo mu 1987 anafalitsa kuti amene anali atasuta maulendo oposa 50 anadwala misala yokhalitsa kuŵirikiza kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi osasuta. Mwana akayamba kumva mau a anthu osaoneka, kukhulupirira kuti akumlondalonda kapena kumthirira mankhwala m'nsima, kulankhula zosagwirizana, imeneyo ndi nkhani ina, yofunika chipatala msanga. Chimodzimodzi akanena kuti kuli bwino kungofa: musamsiye yekha, ndipo mupite naye tsiku lomwelo.

Chitseko chimene wodwala yekha angatsekule

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dokotala sangalote zimene mwana anamwa. Koma taganizani mmene zimakhalira m'chipinda chopimira: mnyamata wakhala pampando, amai ake aimirira pambali atanyamula kabuku ka kuchipatala, ndipo dokotala akufunsa, "Kodi umasuta kapena kumwa chilichonse?" Asanatsekule pakamwa, amai ayankha kale: "Ai adokotala, mwana wanga ndi wa kwaya." Nkhani yathera pomwepo. Inu makolo, mukafika naye kwa dokotala, fotokozani zimene munaona, kenaka tulukani mukadikire panja. Si mwano kwa inu. Ndi mpata woti mwana anene zimene sangathe kunena pamaso pa womubala.

Achinyamata amaopanso kuti akaulula aŵaitanira apolisi. Ogwira ntchito zachipatala amalamulidwa ndi ntchito yao kusunga chinsinsi cha wodwala, ndipo chimene akufuna kudziŵa ndi mtundu wa mankhwala, kuchuluka kwake, ndi tsiku lomaliza kumwa. Ngakhale a Drug Enforcement Commission, kuonjezera pa kugwira ogulitsa, ali ndi nthambi yophunzitsa ndi kupereka uphungu kwa ofuna kusiya. Mabanja enanso amangomva dzina la Chainama nkunjenjemera, poganiza kuti mwana akatchula za maganizo amtsekera ku Lusaka. Nthenda ya mantha siigonetsa munthu m'chipatala, amachira akukhala kwao. Ndipo lamulo la za umoyo wa maganizo la 2019, limene linaloŵa m'malo mwa lamulo la atsamunda lija linkatchula odwala ndi maina onyoza, limateteza ulemu ndi ufulu wa wodwala.

Tsiku limene mwana adzakuuzeni zoona, mkwiyo udzabwera, ndipo sitikukuuzani kuti muumeze wonse. Koma usiku umenewo si wa mlandu. Atate amene angathe kunena kuti, "Mwanawanga, wachita bwino kundiuza, za kulakwa tidzakamba ukachira," achita theka la ntchito ya dokotala.

Kodi ndi mizimu?

Funso limeneli timalimva m'nyumba iliyonse, ndipo sitiliseka. Nthenda yobwera usiku, yosaoneka pa makina, yochoka yokha nkubweranso, kwa ife imafanana ndi zimene makolo ankazitcha mashaŵe, kapena ngulu kwa anzathu a Chibemba. Agogo amati apite kwa sing'anga, azakhali amati kuli m'busa wina wamphamvu, ndipo banja limagulitsa wailesi ndi nkhuku. Choipa kwambiri nchakuti njira zina zimakulitsa nthendayo. Mwana amene thupi lake likuopa phokoso ndi kupanikizika amamuika pakati pa anthu okuwa usiku wonse, osagona, atamusalitsa chakudya masiku atatu. Kusoŵa tulo ndi njala ndizo nkhuni za mantha ameneŵa. Akagwa ndi kunjenjemera, anthu amati chiŵanda chaonekera, ndipo iye amabwerako atatsimikiza kuti m'kati mwake muli choipa.

Mpingo wathu ndi wosamala kwambiri pa zimenezi kuposa mmene Akristu ambiri amadziŵira. Malamulo a Mpingo salola munthu aliyense kuchita mwambo wotulutsa mizimu yoipa, koma wansembe yekha amene walandira chilolezo cha Ambuye Episkopi. Ndipo buku la mwambowo limene linakonzedwanso mu 1999 limalamula wansembeyo kuyamba watsimikiza kuti si matenda, makamaka a maganizo, pofunsa odziŵa zachipatala ngati nkofunika. Pemphero lofatsa la pabanja, korona wonenedwa pang'onopang'ono, zimakhazika mtima pansi, ndipo tizichita. Achinyamata ambiri amanyamulanso ganizo lakuti Mulungu akuŵalanga. Amene chikumbumtima chikumuvuta apite kwa Bambo Mfumu akalape, atule katunduyo. Koma akatuluka m'menemo mtima nkuthamanganso Lachitatu, asaganize kuti sanakhululukidwe. Adrenaline sadziŵa za Sakramenti.

Zikamugwira, ndi pambuyo pake

Ngati achipatala anampima kale napeza kuti mtima uli bwino, zikamugwira usiku musadzutse nyumba yonse. Munthu mmodzi wodekha akhale naye pansi, ena apite akagone, pakuti nkhope khumi zamantha zomuzungulira zimamuuza kuti akufadi. Musamthire madzi, musamkupize ngati wakomoka, musamphimbe ndi pepala kapena pulasitiki kukamwa. Muuzeni motsitsa mau kuti, "Ndi zija zomwe, zifika pamwamba kenaka zitsika, ine ndili pompano." Pumani naye pamodzi: kukoka mpweya ndi mphuno poŵerenga mpaka 4, kuutulutsa pang'onopang'ono poŵerenga mpaka 6, dzanja lili pamimba kuti mimba ndiyo izikwera, osati mapewa. Yang'anani wotchi, ndipo zikatha mumuuze mphindi zimene zapita. Akaona kaŵiri katatu kuti zimatha zokha, mphamvu yake imayamba kuchepa.

Misampha ilipo itatu, ndipo yonse imaoneka ngati mankhwala. Woyamba ndi moŵa, umene umatonthoza madzulo nkubweza mantha oŵirikiza m'maŵa. Wachiŵiri ndi mapilisi a diazepam ogula pamsika kapena opempha kwa mnansi: amagwiradi ntchito msanga, koma m'masabata ochepa thupi limaŵazoloŵera, ndipo munthu amatuluka m'dzenje lina nkugwera m'lina lozama. Wachitatu ndi mnzake amene amati, "Kokako pang'ono mtima ukhale pansi." Amene chamba chinamuchititsapo mantha chingathe kumuchitanso. Achepetsenso khofi, tiyi wamphamvu ndi fodya, asiyiretu zakumwa zopatsa mphamvu zija, adye pa nthaŵi yake, agone pa nthaŵi yake. Aleke kudzigwira pamkono kaŵirikaŵiri kuŵerenga mtima, ndi kufufuza zizindikiro zake pa foni pakati pa usiku.

Ambiri amapeza bwino m'masabata kapena m'miyezi yochepa akangomvetsa chimene chikuchitika. Kwa amene zakakamira, dokotala angapereke mankhwala monga fluoxetine, amene samwedwa pa nthaŵi ya mantha yokha koma tsiku lililonse. Amatenga masabata angapo kuti ayambe kuthandiza, masiku oyamba angaonjeze nkhaŵa pang'ono, ndipo sasiyidwa popanda kuuza dokotala. Pali ena otchedwa propranolol ochepetsa liŵiro la mtima, koma ndi oopsa kwa wodwala mphumu, choncho si obwerekana. Chithandizo chokhalitsa koposa ndi kukambirana ndi phungu wophunzitsidwa, amene amathandiza munthu kuona maganizo amene amakoleza mantha ndi kubwerera pang'onopang'ono kumalo kumene ankathaŵa.

Aphungu ndi ochepa m'dziko lathu, koma anansi athu a ku Zimbabwe anationetsa kanthu. Mu 2006 dokotala wa za maganizo, Dixon Chibanda, anayamba ntchito ya Friendship Bench ku Harare: anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kuthandiza anthu kumasula mavuto ao limodzilimodzi, atakhala pa benchi kunja kwa kiliniki. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti amene anakhala ndi agogowo maulendo asanu ndi limodzi anali atapepukidwa kwambiri patapita miyezi isanu ndi umodzi, kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. M'miphakati mwathu, kapena m'fitente monga anenera ambiri kuno, agogo otere tili nao, ndi anesi opuma pantchito, ndi aphunzitsi. Chimene chikusoŵa ndi kuŵaphunzitsa, ndi kusankha okhawo amene pakamwa pao sipadontha, pakuti mnyamata akamva chinsinsi chake chikukambidwa pachitsime sadzabweranso.

Chotsiriza kubwerera ndi mpira, ndipo ndicho chovuta kuŵakhulupiritsa. Dokotala akanena kuti mtima uli bwino, mnyamatayo ayenera kuuthamangitsa dala. Sabata yoyamba ayende mofulumira mphindi 10 tsiku lililonse, ali ndi mbale wake kapena mnzake wodziŵa nkhaniyi. Sabata yachiŵiri aonjeze, mwina kuchoka ku Bwacha kukafika m'tauni wapansi, kenaka ayambe kuthamanga pang'ono pabwalo la sukulu. Mtima udzagunda mwamphamvu, thukuta lidzatuluka, ndipo ganizo lija lidzabwera lakuti zayambanso. Pamenepo asathamangire kunyumba kapena ku kiliniki. Aime pomwepo ndi mnzakeyo, apume monga anaphunzirira, adikire mpaka mtima utsike wokha, kenaka amalize mtunda umene anapangana.